Mtengo wa loji kunyanja: tizilembo tija, ndi tsiku limene mwasankha

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Namwera:

“Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Ndinabadwira m’boma lomwe lino la Mangochi koma sindinagonepo pa loji ya kunyanja. Chaka chino ndikufuna nditenge amuna anga, mayi anga ndi ana awiri, wazaka 14 ndi wazaka 7, tikapumeko ku Cape Maclear pa Khirisimasi. Loji ina yandiyankha pa WhatsApp kuti: K60,000 pps DBB, min stay 3 nights, peak supplement applies, 50% non-refundable deposit, excl. VAT & levy. Ndawerengera zipinda ziwiri masiku atatu, ndapeza K360,000. Kodi ndalondola? Nanga ilipo nthawi imene mitengo imatsikako? Mlongo wanga amene ali ku Joni nayenso akufuna kubwera nthawi yomweyo koma akulira ndi mtengo wa tikiti.”

Aphunzitsi, samu yanu ilibe vuto. Kungoti inu mwawerenga zitseko pomwe alojiwo akuwerenga mitu ya anthu. Ndakhala pa desiki yolandirira alendo zaka zoposa khumi m’maloji a m’mbali mwa msewu wochoka pa boma kupita ku Monkey Bay, ndipo uthenga ngati umene mwalandirawu ndaulembapo kosawerengeka. Tiyeni tiusende pang’onopang’ono ngati chinangwa.

Tizilembo titatu ta pps tikuimira per person sharing. K60,000 imeneyo ndi ya munthu mmodzi pa usiku umodzi, ndipo mtengowo ndi wa pamene muli awiri m’chipindamo. Inu ndi bambo a kunyumba ndiye K120,000 kale. Agogo mukawaika m’chipinda chaokha, alipira K60,000 yawo ndi ina yapamwamba imene amaitcha single supplement, ndalama yolipirira bedi limene lagona lopanda munthu, ndipo malo ena imafika theka la mtengo wonse. Choncho agone ndi mdzukulu wawo wamkuluyo. Koma musasangalale kuti ndi mwana, chifukwa maloji ambiri mwana akangokwanitsa zaka 12 amamuwerenga ngati munthu wamkulu. Chipinda chachiwiricho nachonso ndi K120,000. Wazaka 7 uja, akagona m’chipinda mwanu pa kabedi koonjezera, nthawi zambiri amalipira theka, tinene K30,000. Usiku umodzi wakwana K270,000. Min stay 3 nights ndiye kuti masiku amenewo salandira mlendo wogona usiku umodzi kapena uwiri, ayenera kulipira utatu. Mwafika pa K810,000, msonkho tisanaukhudze. Mawu akuti excl. akunena kuti VAT komanso levy, msonkho wa zokopa alendo womwe ndi 1 peresenti, adzaziika pamwamba pa bilu tsiku lochoka. Ena salemba excl., amangoika timitanda tiwiri ta ++ kumapeto kwa mtengo. N’chimodzimodzi.

Ndiye pali peak supplement, imene sanakuuzeni n’komwe kuti ndi zingati. Imeneyi ndi ndalama yoonjezera chifukwa mwabwera masiku amene aliyense akufuna bedi lomwelo. Afunseni zinthu ziwiri: ndi ya munthu aliyense usiku uliwonse, kapena ndi yolipira kamodzi? Ndipo chakudya chapadera cha usiku wa Khirisimasi chili momwemo, kapena n’chokakamiza cholipira pachokha? Malo ena amachitcha gala dinner, ndipo ngakhale agogo atanena kuti iwo angomwa tiyi n’kukagona, mbale yawo imalembedwa ndithu.

Sindiiwala banja lina lochokera ku Lilongwe limene linafika pa loji yomwe ndinkagwirako madzulo a pa 24 Disembala, dzuwa litafiira. Ana anali atavala kale zosambira m’galimoto momwemo, wamng’ono atakoleka chubu cha pulasitiki m’chiuno. Bambo wawo anatulutsa envulopu yakhaki, ndalama zowerengedwa bwinobwino, zomanga ndi labala. Nditawaonetsa bilu anayang’ana pepalalo, n’kuyang’ana ine, n’kutulutsa foni kundionetsa uthenga womwe ndinawalembera ndekha mwezi wathunthu m’mbuyomo. Pps inali pomwepo. Ine sindinaname, koma sindinawafotokozerenso, ndipo usiku umenewo panalibe bedi lina lopanda munthu gombe lonselo loti n’kuwalozera. Anagona masiku awiri m’malo mwa anayi, abwana atachita kuwakomera mtima. Kuyambira pamenepo Mmalawi mnzanga akafunsa mtengo ndinkamulembera nambala imodzi ya banja lonse. Nanunso muzipempha nambala imodzi yotero.

DBB ndi dinner, bed and breakfast: chakudya chamadzulo, pogona ndi kadzutsa. Ena amati half board. Nkhomaliro mulibe. Zimaoneka zazing’ono mukadali kunyumba, koma mwana amene walowa m’madzi 7 koloko m’mawa pofika masana amakhala ndi njala ya fisi, ndipo chambo ndi tchipisi za pa loji mbale zisanu masiku atatu ndi ndalama ina yoti mukanagonera usiku wina. Full board ndiye kudya katatu, koma zakumwa ayi, ngakhale madzi a m’botolo. BB ndi pogona ndi kadzutsa basi. Room only ndi bedi lokha. Mukaona all inclusive, funsani kuti “zonsezo” n’ziti, chifukwa kawirikawiri boti ndi ndalama yolowera kupaki zimakhala kunja. Mukaganiza zonyamula kireti yanu ya zoziziritsa kukhosi, funsaninso za corkage, chindapusa chimene amalipiritsa mlendo womwera zakwawo pamalo awo.

Kwa banja la anthu asanu ngati lanu, mawu amene ndingakonde muwasake ndi self-catering. Imeneyi ndi nyumba kapena kanyumba kokhala ndi khitchini, ndipo mtengo wake nthawi zambiri ndi wa nyumba yonse, per unit, osati wa mutu uliwonse. Ufa, mpunga, tomato, anyezi ndi mafuta mumachoka nazo ku Namwera. Ndiwo zili pagombe pomwepo: mudzuke m’bandakucha ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear pomwepo, asodzi akamakocheza, mupeza usipa ndi utaka zikadali zonyezimira, tsiku lamwayi kampango. Agogo adya nsima yofewa momwe amaikondera, osati mpunga wouma wa pa bufe. Ngati pabanja pali Asilamu, nkhawa ya halaal yatheranso pomwepo. Mungofunsiratu ngati muli mapoto ndi mbale, ngati amaphikira gasi kapena mbaula, ndiponso chimene chimachitika ndi furiji magetsi akathima.

Tibwere pa dipoziti. Non-refundable ndiye kuti theka limene mutumizelo silibwerera zivute zitani. Alojiwo sikuti ndi nkhanza. Akakusungirani zipinda ziwiri pa Khirisimasi akhala akubweza anthu ena kwa milungu ingapo. Koma ife timakhala m’dziko la maliro odzidzimutsa ndi matenda osapangana nawo. Musanatumize kalikonse, pemphani cancellation policy yawo yolembedwa, yonena kuti mukalephera kutatsala masiku angati mumataya zingati. Kenako funsani funso limene anthu ambiri saliganizira: kukagwa zovuta, kodi ndalamayo angaisunge kuti mudzabwere tsiku lina? Ambiri amene amakana kubweza ndalama amavomera kusuntha tsiku, makamaka mukalisunthira ku nyengo yopanda alendo. Chimene sakhululuka ndi no-show, munthu wosafika osaimbanso foni. Ameneyo amalipira zonse.

Chenjezo limodzi, mwachidule. Disembala akamayandikira pa Facebook pamatuluka masamba onyamula zithunzi za maloji enieni koma nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ili ya wakuba. Imbani pa nambala imene mwaipeza mwa njira ina, tumizani ku akaunti ya dzina la lojiyo, ndipo alembe kukutsimikizirani masiku, zipinda, mtengo wonse ndi ndalama yotsala.

Pali mawu ena awiri amene mu uthenga wanu mulibe, koma ndi amene ali ndi ndalama zambiri. Rack rate ndi mtengo wa pakhoma, wokwera kuposa yonse, wa munthu amene wangotulukira osafunsa. Resident rate, ena amati local rate, ndi mtengo wa Amalawi ndi okhala m’dziko muno. Maloji ambiri a kunyanja, makamaka amene amadalira alendo akunja, ali ndi mitengo iwiriyi, koma wachiwiriwo saulengeza pa intaneti. Safunsa anadya phula. Nenani poyambirira pomwe kuti ndinu Amalawi ndipo mukufuna resident rate, chitupa cha unzika chikhale m’chikwama. Ngati mtengo wawo uli m’madola, afunseni kuti akusinthira pa zingati, ndipo alembe m’makwacha kuti usadzasinthe mwalipira kale dipoziti. Amene anasungitsa malo a Khirisimasi mu Okutobala 2023 pa mtengo wa madola akudziwa chimene ndikunena: mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yotsala ija inatupa ali m’tulo. Masamba ngati Booking.com ndi abwino poonera zithunzi ndi ndemanga za amene anagonapo, koma loji imawalipira komishoni pa mlendo aliyense. Mukaimba nokha, komishoni imeneyo ndi malo oti mukambiranepo.

Kusiyana kwa mitengoku kuliponso pa geti la paki. Cape Maclear ili m’dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna. M’mudzi wa Chembe simulipira kanthu, koma kukasambira ku Otter Point kapena kukwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi zikuwakha nsomba, pamakhala park fee, ndipo ya Mmalawi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mlendo wakunja. Mwini boti anene poyera ngati mtengo wake ndi wa boti lonse kapena wa munthu, ngati park fee ili momwemo, ndipo muone majekete oyandamitsa musanakweze mwana.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la nthawi imene mitengo imatsika, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa loyamba. Mabuku ndi masamba a zokopa alendo amagawa chaka patatu: high season kapena peak season, nthawi ya alendo ambiri, low season, nthawi yopanda anthu, imene ochenjera pamalonda anaipatsa dzina lokoma loti green season chifukwa kunja kumakhala kobiriwira, ndi shoulder season, timilungu ta pakati, nyengo ina ikutha ina isanayambe. Vuto ndi loti amene analemba zimenezo ankaganiza za mzungu wochokera ku London. Kuno ku Mangochi bedi limodzi limalimbiranidwa ndi makalendala atatu osiyana, ndipo mtengo umatsika pokhapokha onse atatu akakhala chete.

Kalendala yoyamba ndi ya alendo akunja. Iwo amabwera mvula itatha, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, ndipo amachuluka mu Julayi ndi Ogasiti pamene kwawo ku Ulaya sukulu zatsekera. Amakonda nthawiyi chifukwa udzudzu wachepa, misewu ndi youma, ndipo ku Liwonde National Park udzu ukauma nyama zimasonkhana m’mbali mwa Shire, zosavuta kuziona. Ambiri amayamba kuona njovu kumeneko n’kudzamalizira kunyanja. Chondiseketsa n’chakuti miyezi imene iwo amalipira kwambiri ndi imene ife timaidziwa kuti ndi ya mwera. Juni ndi Julayi mphepo ija ikauka nyanja imachita thovu, asodzi amakoka mabwato kumtunda, ulendo wa ku Thumbi umatha kulephereka masiku awiri otsatizana, ndipo madzulo agogo afuna juzi ndi bulangeti. Mzungu amati kukutentha bwino. Mwana wa ku Namwera alowa m’madzi mphindi khumi n’kutuluka mano akugundana.

Yachiwiri ndi yathu. Ife sitipita kunyanja potsata nyengo, timatsata tchuthi: Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano, Pasaka, Idi, 6 Julayi, ndipo koposa zonse pa masiku amodzi-amodzi, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Amene sanaonepo msewu wa ku Monkey Bay pa tsikuli sangamvetse: mabasi a magulu a amayi, zitenje zofanana, makula bokosi, nyimbo mpaka mbandakucha. Tchuthi chilichonse chikagundana ndi Lachisanu kapena Lolemba, wikendi yotalikayo imakhala peak ngakhale kalendala ya azungu ikunena kuti ndi low season. Disembala ndi chitsanzo chake. Ndi dzinja, mabuku amati ndi nthawi yotchipa, koma kuyambira cha pa 20 mpaka pa 2 Januwale ndi masiku odula kuposa ena onse m’chaka. Masiku otere maloji amawatcha blackout dates: kuchotsera kulikonse kumene analengeza, nthawi zina ngakhale resident rate imene, sikugwira ntchito. Kumbukiraninso kuti Pasaka amayendayenda pakati pa Malichi ndi Epulo, ndipo Idi imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho kalendala ya chaka chatha musaidalire. Chikondwerero cha nyimbo chikagwera kuno, ngati momwe Lake of Stars inkachitikira ku Nkopola zaka zina, gombe lonse limadzaza mpaka ma rest house a pa boma.

Yachitatu anthu saiganizira: misonkhano. Mangochi ndi likulu la mawekishopu. Mahotela aakulu okhala ndi maholo amadzaza Lolemba mpaka Lachisanu ndi a boma ndi a mabungwe, ndipo zimanyanya chaka cha ndalama chikamatha, pamene aliyense akuthamangira kumaliza bajeti yake. Ndiye taonani mmene zimakhalira. Pa hotela yaikulu, pakati pa sabata mwina simupeza malo, koma Lamlungu usiku imakhala pululu. Pa loji yaing’ono ya ku Cape Maclear kapena Nkhudzi Bay yopanda holo, zili mosemphana: Lachisanu ndi Loweruka ndi modzaza anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe, koma Lamlungu masana magalimoto akangonyamuka, mpaka Lachinayi woperekera zakudya amangoingitsa ntchentche. Bedi silili ngati thumba la chimanga loti lisungidwe kudikira mtengo. Usiku ukadutsa lopanda munthu, ndalama imeneyo yapita basi. N’chifukwa chake manijala amene pa 24 Disembala sangakuyang’aneni n’komwe, Lachiwiri la mu Meyi amakutsitsirani mtengo, n’kukupatsani chipinda choyang’ana kunyanja pa mtengo wa chakumbuyo, n’kukulolani kutuluka madzulo m’malo mwa 10 koloko m’mawa. Zimenezi ndiye amati upgrade ndi late check-out, ndipo zimapemphedwa, sizibwera zokha.

Mukasanjikiza makalendala atatuwa, mipata imaoneka. Umene ndimaukonda ine ndi wa masika, Pasaka akangodutsa mpaka kumapeto kwa Meyi. Mvula yasiya, mapiri akadali obiriwira, mwera sunayambe kulimba, azungu sanafike, ndipo Amalawi matumba anaphwa pa Pasaka. Kumsika nako zinthu n’zambiri, maungu, mbatata, mtedza wauwisi. Mungopewa mawikendi a 1 Meyi ndi 14 Meyi. Koma nthawiyi ili ndi kake: ndi pamene madzi a m’nyanja amakhala atakwera kwambiri pa chaka. Mu 2024 anakwera mpaka magombe ambiri a Mangochi anamira, malo ena madzi n’kulowa m’zipinda ndi m’mabala. Choncho musakhulupirire chithunzi cha pa tsamba lawo. Apempheni akujambulireni gombe lawo tsiku lomwelo atumize pa WhatsApp.

Mpata wachiwiri ndi wochoka pa Tsiku la Anakubala kufika pakati pa Disembala. Kumatentha koopsa, Mangochi mukumudziwa, koma kwa wokonda kusambira ndiye nthawi yake: madzi ofunda, oyera mpaka kuona mbuna pansi, mango ali mbwee. Musatenge chipinda chopanda fani. Dziwaninso kuti cha mu Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye chambo chimasowa ndi kudula, ndipo wokugulitsani tating’ono tosakhwima mumukane.

Wachitatu, wotchipa kuposa yonse, ndi kuyambira pakati pa Januwale mpaka Malichi, pamene aliyense ali pa fizi ndi feteleza. Apa mutha kutchula mtengo wanu. Koma walira mvula walira matope: mitsinje imathira dothi m’nyanja madzi n’kuda, udzudzu ndi wambiri, magetsi amavutavuta, milatho imatha kukokoloka ngati momwe tinaonera ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo maloji ena amatsekeratu kuti akonze madenga ndi kupumitsa antchito. Kwa anthu awiri opanda ana, amene mvula ikagwa angakhale pakhonde n’kumaonerera mphezi kutsidya, ndi nthawi yokoma. Ndi agogo ndi ana, ine sindingakulimbikitseni.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: mphunzitsi sasankha tchuthi. Zoona, ndipo n’chifukwa chake mabanja a ana a sukulu ndi amene amalipira kwambiri kulikonse. Komabe m’kati mwa holide momwemo muli masiku odula ndi otchipa. Funsani lojiyo tsiku lenileni limene peak yawo ikuyamba ndi limene ikutha. Ngati sukulu zatsekera peak isanayambe, nyamukani Lamlungu lotsatira, mugone mpaka Lachitatu, Khirisimasi mukadyere kunyumba. Ngati zikutsegulira patapita masiku angapo chaka chitayamba, pitani pa 3 Januwale, anthu akubwerera. Pa holide ya Pasaka, pitani Lachiwiri lotsatira Lolemba la Pasaka. Holide yaitali ya mu Ogasiti imagundana ndi azungu, koma milungu yakumapeto, mwera utayamba kufooka, maloji aang’ono pakati pa sabata amamvako. Ndipo ngati mtima uli pa tsiku la Khirisimasi lenilenilo, inu muli ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe: kwanu n’kufupi. Mahotela ambiri amalandira day visitors, olipira pa geti n’kusambira tsiku lonse osagona. Mutha kutsika phiri m’mawa, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, ana n’kusewera pamchenga, madzulo n’kubwerera, kugona kwenikweniko n’kukusungira mwezi wa Epulo.

Musaiwale kuti mayendedwe nawo ali ndi peak yawo. Masiku a zikondwerero maminibasi ndi ma Sienta amakweza mtengo, mafuta akasowa ndiye zimanyanya. Kuchoka pamphambano ya pafupi ndi Monkey Bay kulowa ku Cape Maclear ndi makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m’mapiri. Achinyamata amakwera njinga zamoto, koma agogo ndi katundu wa self-catering afunika galimoto. Maloji ena amakatenga alendo, amati transfer, ndipo si yaulere pokhapokha atanena. Poti ndinu mphunzitsi, ana akaoneko manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pa Cape Maclear mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, ndipo podutsa pa boma muime pa nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Ngati ulendo wagwera Lachisanu, fufuzani ngati sitima ya Ilala ikunyamuka pa doko la Monkey Bay m’mawa umenewo. Kuiona kokha ikutuluka, mwana wazaka 7 adzakamba chaka chonse. Mukabwerako, pakapita milungu ingapo mukafunse kuchipatala za mankhwala a likodzo. Si zoopsa, koma si zonyozeranso.

Za alongo anu a ku Joni. Iwo akulimbana ndi kalendala yachinayi, ya ku South Africa. Kumeneko makampani ambiri, makamaka a zomangamanga, amatseka pakati pa Disembala n’kutsegula Januwale atayamba, ndiye Amalawi, anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique onse amakhamukira kumpoto sabata imodzi. Basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza imadula pobwera kuno mu Disembala, n’kudulanso pobwerera mu Januwale, ndipo pa Beitbridge mzere wake umatha kudya tsiku. Ndege nayo chimodzimodzi. M’ndege imodzi mipando yofanana imagulitsidwa pa mitengo yosiyanasiyana. Yotchipa imayamba kutha, ndiye wogula mochedwa amapeza yodula yokhayokha. Wa Disembala agule miyezi iwiri kapena itatu isanakwane, ndipo agule return, yopita ndi kubwerera, chifukwa ma one way awiri kawirikawiri amaposa pamenepo, komanso mpando wa mu Januwale udzasowa. Tikiti yotchipitsitsa imakhala ndi zingwe zake: kusintha tsiku kuli ndi change fee kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo, ndipo ena salola n’komwe. Aonetsetse baggage allowance, makilogalamu amene akuloledwa, poti wochokera ku Joni sabwera chimanjamanja ndipo katundu woposera pa sikelo ya pabwalo la ndege amadula kuposa mphatso zili m’katimo. Direct flight yochoka ku Johannesburg kutera pa Chileka ndi maola awiri ndi kanthawi. Tikiti ina yooneka yotchipa imakhala ndi layover, kukadikira ndege ina mumzinda wina, mwina usiku wonse pa benchi.

Ngati abwana awo angalole, abwere kumapeto kwa Novembala n’kubwerera chipwirikiti chisanayambe, kapena adikire Pasaka adutse. Apo ndiye mwagwirizana bwino: iwo tikiti yatsika, inu loji yatsika, ndipo pokhala anthu asanu ndi mmodzi nyumba ya self-catering ya zipinda zitatu ikutulukirani bwino kuposa poyamba.

Pakadali pano ayankheni alojiwo chonchi, m’Chichewa momwemu, poti wa pa desikiyo ndi mwana wa kwathu konkuno: “Ndife Amalawi, akuluakulu atatu, ana awiri wazaka 14 ndi wazaka 7. Tipatseni nambala imodzi ya ndalama zonse pa resident rate, msonkho ndi supplement zili momwemo, ya pa 24 mpaka 27 Disembala. Mutipatsenso ina ya masiku atatu, Lamlungu mpaka Lachitatu, sabata yotsatira Pasaka. Ngati muli ndi nyumba ya self-catering, tiuzeninso mtengo wake pa nthawi zonse ziwirizo.” Nambala zikabwera, muziike pa tebulo pamaso pa bambo a kunyumba ndi agogo. Ndipo mufunsenso ngati chipinda cha agogocho chili pafupi ndi gombe, chifukwa maloji ena a ku Cape Maclear anamangidwa pamiyala, masitepe ake ndi ambiri.